Musaweruze WITCH ya disiko pa sipika ya foni

Pa zimbale zonse zimene gulu loimba la ku Zambia la WITCH linatulutsa lisanabalalike m'zaka za m'ma 1980, ziwiri zomaliza, za disiko, ndizo zimanyozedwa kwambiri: Movin' On cha 1980 ndi Kuomboka cha 1984. Mukafunsa madala a ku Matero kapena ku Chilenje amene anavina gululi lili pachimake, ambiri akuuzani kuti WITCH yeniyeni inatha pamene a Emmanuel "Jagari" Chanda, woimba wotsogolera, anachoka kukaphunzira za uphunzitsi. Achinyamata amene alidziwa posachedwapa kudzera pa YouTube amanenanso zomwezo, koma iwo chifukwa chawo n'chakuti sakumvamo gitala yolusa ija ya mu Lazy Bones!! cha 1975. Ine ndikuti zimbale ziwirizi zinaweruzidwa ndi anthu amene sanazimve bwino. Mphamvu ya nyimbozi ili pa besi ndi ng'oma, ndipo zipangizo zimene ambiri timamverera nyimbo masiku ano besiyo sizitulutsa n'komwe.

Odandaulawo sakunama pa zonse. M'malo mwa a Jagari mukumveka a Patrick Chisembele ndi a Christine Jackson, oimba bwino ndithu koma ofatsa. Gitala imene kale inkatsogolera yabwerera kumbuyo, mpando wake watengedwa ndi kiyibodi ya a Patrick Mwondela. Mawu a nyimbo zambiri ndi Chingelezi cha chikondi wamba, choti munthu akanatha kulemba ali ku Lagos kapena ku London osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Amene akufuna ndakatulo m'zimbalezi abwerako chimanjamanja, ndipo sindingamutsutse.

Chimene ndikukana ndi mlandu woti gululi linadzigulitsa. Kumbukirani mmene dziko linalili. Mafuta anakwera mtengo kuyambira 1973, kopa anagwa mtengo mu 1975, ndalama zakunja zogulira zingwe za gitala ndi zokonzera ma amplifaya zinayamba kusowa. Mu 1978 ndi 1979 asilikali a Rhodesia ankaukira mkati mwa Zambia, mpaka mu Lusaka muno, ndipo kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa magetsi. Bandi imadya usiku. Mwini bala nayenso anali atazindikira kuti mnyamata mmodzi wa disiko, wokhala ndi bokosi la malekodi ndi masipika awiri, amadzaza holo pa ndalama zochepa kusiyana ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ofuna galimoto yonyamula zida, chakudya ndi malipiro. Anthu anali atayamba kuvina disiko kaya oimba athu afune kaya asafune. Gulu lililonse linayenera kusankha: kuphunzira kayimbidwe katsopanoko kapena kupachika magitala. Ambiri anapachika. WITCH inaphunzira, ndipo inaphunzira bwino.

Palinso ena amene amati disiko inali yobwereka pamene Zamrock, roko ya ku Zambia ya m'zaka za m'ma 1970, inali yathu. Apa m'pamene ndimaseka. Chimbale choyamba cha gululi, Introduction, ndi roko ya ku Britain ndi America yoimbidwa ndi anyamata a ku Kitwe, ndipo dzina loti Jagari linachokera kwa Mick Jagger. Pofika 1976, mu Lukombo Vibes, anali atayamba kale kusiya roko yokhayokha n'kumalowetsa kagundidwe ka ng'oma za kwathu. Gululi silinkakhalitsa pamalo amodzi. Linabwereka mu 1972, linabwerekanso mu 1980. Funso loyenera kufunsa pa nthawi zonse ziwirizi ndi loti chobwerekacho anachita nacho chiyani.

Tisaiwalenso amene anatisankhira zoti tizikonda. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsa pamodzi nyimbo za WITCH za kuyambira 1972 mpaka 1977, ndipo dziko lonse linadziwa gululi kudzera m'nyimbo zimenezo. Zimbale za disiko zinatulukanso pambuyo pake, mu 2014, mbiri itakhazikika kale yoti WITCH ndi gitala yolusa basi. Ntchito imene anthu akunjawa anagwira ndi yotamandika, popeza malekodi ambiri akanangothera m'mabokosi. Koma iwo ankafuna roko ya mu Africa chifukwa inali yachilendo m'makutu mwawo, ndipo ife tatengera makutu awo osafunsa. Eni gululo sanayende njira imeneyo: pa chimbale cha Zango cha 2023, chimene anajambula ku DB Studios kuno ku Lusaka, a Jagari ndi a Mwondela ali pamodzi.

Tsopano za makutu ndi masipika, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Gitala ya besi ya zingwe zinayi, zingwe zake zikamalira zosagwidwa, zimatulutsa mawu a ma hertz 41, 55, 73 ndi 98 (hertz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu: nambala ikachepa, mawu ndi otsika). Ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi ija imagunda pakati pa 50 ndi 100. Kasipika ka foni, kochepa ngati chikhadabo, sikatha kukankha mpweya wokwanira kutulutsa mawu otsika chotero, ndipo pansi pa ma hertz 200 sipatuluka kanthu koti munthu n'kukamva bwino. Chimene chimakufikani ndi kaphokoso ka chala pa chingwe, osati thupi la besiyo. Gitala yolusa ija, ya fuzz, ili mbali ina. Ukali wake uli m'mwamba, cha pa ma hertz 2,000 mpaka 5,000, pomwe khutu la munthu limamva kwambiri ndiponso pomwe kasipikako kamafuula bwino. N'chifukwa chake Lazy Bones!! pa foni imamvekabe yamoyo, pamene Movin' On pa foni yomweyo imatsala mawu a woimba, kiyibodi yopyapyala ndi hi-hat, timbale tachitsulo ta woimba ng'oma, yongoti tsetsetse. Munthu n'kunena kuti nyimboyi ilibe mphamvu, pamene mphamvuyo yatsalira mkati mwa foni.

Kukonza zimenezi sikufuna ndalama zambiri. Mahedifoni olowa m'khutu okhala ndi timphira totseka bwino ndi okwanira, bola timphirato tikhale tothina, chifukwa mpweya ukamatuluka m'mbali besi imathawira pomwepo. Pa sipika, pezani imene chozungulira chake cholira n'chosachepera mainchesi 6, muyiike pafupi ndi khoma koma osati pakona penipeni. Ndipo musapite mbali inayo. Zimasipika za pansi pa mpando wa minibasi, zimene zimagwedeza mawindo kuchokera ku City Market mpaka ku Mtendere, nazonso zimawononga nyimbozi: zimasandutsa manoti onse a besi kukhala mkokomo umodzi, pamene kukoma kwa besi ya disiko kuli pa kumva noti iliyonse ikuyamba ndi kuleka. Nyimbo imene yatsitsidwa itachepetsedwa kwambiri, pa 64 kbps, ikhale pambali, pakuti hi-hat yake imakhala itaphwanyika kale. Funani ya 256 kapena 320.

Amene ali ndi lekodi yeniyeni, kaya yakale ya m'bokosi la malume kaya yosindikizidwanso, asaganize kuti wapulumuka. Zolakwika zambiri zili pa gumbagumba, ndipo chachikulu n'chimene anthu sachidziwa. Posindikiza lekodi, besi amaichepetsa dala, mpaka ma decibel 20 pansi penipeni, kuti timizere tisatakate kwambiri, ndipo mawu a m'mwamba amawakweza. Ntchito yobwezeretsa zonsezi imachitikira m'kachipangizo ka phono. Mukalumikiza gumbagumba ku bowo la AUX kapena LINE popanda kachipangizoka, nyimbo imamveka yapansipansi, yowawa m'khutu, yopanda besi. Roko imapirira nkhanza imeneyi pang'ono. Disiko imafa. Onani kumbuyo kwa amplifaya ngati kuli bowo lolembedwa PHONO. Ngati kulibe, gulani kabokosi ka phono kapadera n'kukaika pakati. Kawaya kakang'ono ka earth kamene kamalendewera pambali pa mawaya awiri aja kamangidwe pa sikuluu yake. Kakapanda kumangidwa mumva kung'ung'uza kosalekeza kwa ma hertz 50 a magetsi athu, ndipo kung'ung'uzako kumakhala pamalo omwewo pamene besi imayenda.

Liwiro nalonso. Lekodi yaikulu iyenera kuzungulira maulendo 33⅓ pa mphindi, kutanthauza maulendo 100 ndendende pa mphindi zitatu. Matani kapepala m'mphepete mwa mbale yozungulira, tengani wotchi, werengani. Mukapeza 97, lamba watanuka ndipo afunika watsopano. Nyimbo ikuyenda mochedwa ndi magawo atatu pa 100, ndipo pa nyimbo yovina zimenezi zimamveka ngati woimba ng'oma watopa. Magumbagumba ena akale ali ndi mota imene liwiro lake limatsata magetsi a pakhoma. Yotereyi ikakhala yochokera ku America, yopangidwira ma hertz 60, kuno izungulira cha pa 28 m'malo mwa 33⅓ ngakhale mutaigulira thiransifoma yotsitsa mphamvu ya magetsi. Pa jenereta, magetsi akazima, mota yomweyo imathamanga kapena kuchedwa malinga ndi katundu amene jeneretayo yasenza, ndiye firiji ikangodzuka nyimbo imapendama.

Singano iponde ndi kulemera kumene opanga ake analemba, nthawi zambiri pakati pa magalamu 1.5 ndi 2.5. Chizolowezi choika khobidi pamutu pa mkono kuti singano isadumphe chimapala timizere, ndipo chopalika sichibwerera. Singano ikadumpha pa ng'oma yaikulu, vuto limakhala fumbi, singano yakutha kapena tebulo logwedezeka chifukwa sipika ili pa tebulo lomwelo. Tsukani lekodi ndi madzi oyera opanda mchere, aja owonjezera m'mabatire a galimoto, osati asidi wake, mudonthezemo dontho limodzi la sopo wa mbale, mupukute ndi kansalu kofewa motsata timizere, pepala la pakati lisanyowe. Isungeni yoimirira, kutali ndi malata, chifukwa kutentha kwa Okutobala kumaipinda. Kumbukiraninso kuti nyimbo yomaliza ya mbali iliyonse imamveka yothina pang'ono pa lekodi ina iliyonse: kunja singano imayenda masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, mkati pafupifupi 20. Limenelo si vuto la oimba.

Zipangizo zikakhala bwino, yambani ndi nyimbo imene yapatsa chimbale cha 1980 dzina. Musamvere woimba ulendo woyamba. Tsatirani phazi la woimba ng'oma ndi dzanja la woimba besi, muone ngati noti ya besi ikugwera pamodzi ndi ng'oma yaikulu kapena ikuchedwa. Mu roko kusiyana pang'ono pakati pa awiriwa kumawonjezera ukali, ndipo gitala yolusa imaphimba zambiri. Mu disiko palibe pobisala. Ng'oma yaikulu imagunda kanayi konse pa 1, 2, 3, 4, ng'oma yaing'ono ya sineya imayankha pa 2 ndi pa 4, hi-hat imadzaza mipata, ndipo munthu mmodzi akangoterereka ovina amamva m'miyendo ngakhale sadziwa dzina la cholakwikacho. Gulu limene linatchuka ndi phokoso linayenera kuphunzira kudziletsa kwa mphindi zisanu mosalekeza, ndipo m'nyimbo imeneyi mukumva kuti linakwanitsa. Kwa ine ili m'gulu la nyimbo zisanu zabwino kwambiri za WITCH, za nthawi ina iliyonse.

"My Desire" ndi imene ndingapatse munthu wokayika kwambiri, chifukwa ikuonetsa bwino chimene kiyibodi inabweretsa. Kale mpata pakati pa mizere ya woimba unkadzazidwa ndi gitala. Pano mipata ina imasiyidwa, ina kiyibodi imayankha mwachidule n'kukhala chete. Gitala ikadalipo, kungoti yasintha ntchito: ikudula timawu tifupitifupi, dzanja lamanzere likugwira zingwe mopepuka kuti zisalire nthawi yaitali, moti yakhala ngati ng'oma yowonjezera. Amene amati woimba gitala anangokhala m'zimbalezi ayese kudula chotero kwa mphindi zinayi osachedwa ndiponso osathamanga, aone mmene dzanja limaumira. Pa chimbale cha 1984 ndimatenga "Erotic Delight" ndi "Kuomboka". Yachiwiriyi inatenga dzina la mwambo wa Alozi, pamene Litunga, mfumu yawo, amachoka ku Lealui pa bwato la Nalikwanda kupita ku Limulunga madzi akasefukira, ndipo kupatsa chimbale chonse dzina limeneli pa nthawi imene ankanenedwa kuti athawa kwawo si chinthu chaching'ono.

Sindikunena kuti nyimbo zonse n'zabwino. Zina zoziziritsa zimatalika popanda kopita, ndipo pamene besi ndi ng'oma zapuma, kuchepa kwa mawu olembedwa kumaonekera poyera. Pofika 1984 makutu a dziko anali atatembenukira kale ku kalindula, kwa a P.K. Chishala, Amayenge ndi anzawo amene ankaimba za moyo wa m'komboni m'zilankhulo zathu, ndipo pa nkhani ya mawu iwo anapambana mosakayikitsa. Kuomboka chinafika msika utasamuka. Kulephera kugulitsa ndi kulephera kuimba n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ife takhala tikuzisakaniza kwa zaka zoposa 40.

Amene angaziukitse nyimbozi mu Lusaka ndi ma DJ, osati olemba ngati ine. Disiko imayenda pakati pa kugunda 110 ndi 130 pa mphindi, amapiano ambiri ali cha pa 112 mpaka 115, ndiye n'zoyandikana kuposa mmene anthu amaganizira. Musakhulupirire nambala imene kompyuta yalemba. Werengani nokha kugunda kwa masekondi 15, muchulukitse kanayi, muchite zimenezi koyambirira kwa nyimbo ndi chakumapeto. Mupeza kuti manambala awiriwo amasiyanako, chifukwa ng'oma zinkaimbidwa ndi munthu. Apa m'pamene batani la sync, logwirizanitsa lokha liwiro la nyimbo ziwiri, limanamiza: limakhoma liwiro limodzi pa nyimbo imene ikupuma, ndipo pakatha kugunda 64 ng'oma ziwiri zimayamba kupunthana. Sakanizani mwachidule, kugunda 16 kapena 32, chala chili pa pitch, chosinthira liwiro. Tsitsani besi ya nyimbo yotuluka musanakweze besi ya yolowa, popeza mabesi awiri pamodzi amangopanga matope. Musakoke liwiro kupitirira magawo atatu kapena anayi pa 100 ngati key lock, yoletsa mawu kukwera liwiro likasintha, ndi yozimitsa, chifukwa pa magawo 6 mawu a woimba amakhala atakwera ndi theka la toni. Komanso nyimbo za 1980 zinajambulidwa motsika kusiyana ndi za lero zimene zimafinyidwa kuti zifuule, ndiye kwezani gain, mphamvu ya mawu ake, pang'ono musanailowetse. Mukapanda kutero anthu amva ngati magetsi atsika, n'kupita kukagula mowa.

Nthawi yoiika ndi yofunikanso. Pa ukwati kapena pa kitchen party, nyimbozi zimagwira bwino anthu atangodya, pamene azakhali ndi amalume akufuna kudzuka koma achinyamata sanalande bwalo. Pakati pa usiku, amapiano a log drum atatenthetsa kale holo, besi ya 1980 imamveka yopepuka ngakhale ili bwino, chifukwa makutu azolowera kugwedezeka kwa pansi kwambiri.

Mabandi a m'mahotela ndi m'maukwati, amene amaimba za kunja za zaka zomwezo usiku uliwonse, alibe chifukwa chosiyira zathuzi. Koma pali zolakwika zitatu zimene zimabwerezedwa gulu lozolowera kalindula kapena rumba likagwira disiko. Woimba ng'oma amathamanga pa kolasi, chifukwa mtima wakwera, ndipo sabwereranso. Mankhwala ake ndi kuyeseza ndi kachipangizo kogunda nthawi ka metronome m'khutu mpaka phazi lizolowere, kenaka n'kuichotsa. Woimba gitala amayatsa distortion, yolusitsa gitala, poti wamva dzina la WITCH, pamene apa pakufunika mawu oyera, pickup ya pakati kapena ya pakhosi, ndi zingwe zopyapyala zitatu kapena zinayi zokha, osati chord ya zingwe zonse zisanu ndi chimodzi. Cholakwika chachitatu n'cha woimba kiyibodi wa kutchalitchi, amene anazolowera kudzaza besi ndi dzanja lamanzere chifukwa kumeneko woimba besi nthawi zina kulibe. Akachita zimenezi pa disiko amaponda manoti a mnzake, awiriwo n'kusiyana pang'ono pa nthawi, ndipo pansi ponse pamada. Dzanja lamanzere lisatsike kupitirira C wapakati, kapena lingokhala pa bondo. Wosakaniza mawu naye adule zonse za pansi pa ma hertz 100 pa maikolofoni a oimba, pa gitala ndi pa kiyibodi, malo amenewo awasiyire ng'oma yaikulu ndi besi zokha.